Julayi wa LeBron: Mbiri ya Phokoso la Pamsika wa Osewera mu NBA

Madzulo a Lachinayi, pa 8 Julayi 2010, anthu pafupifupi 10 miliyoni ku America anali maso tcheru pa wailesi ya kanema ya ESPN, pamene panalibe mpira uliwonse womwe unkaseweredwa. Ankaonera amuna awiri atakhala pamipando pakati pa holo ya masewera ya ana a Boys & Girls Club m'tauni ya Greenwich, m'chigawo cha Connecticut. Mmodzi anali mtolankhani Jim Gray. Winayo anali LeBron James, katswiri wa basketball wa zaka 25, yemwe kontirakiti yake ndi timu ya Cleveland Cavaliers inali itangotha kumene.

Onsewo ankadikira yankho la funso limodzi: kodi apita timu iti? Koma Gray anayamba ndi kuzungulirazungulira, mpaka kumufunsa mnyamatayo ngati amalumabe zikhadabo. Pulogalamuyo, yomwe anaitcha The Decision, itayenda pafupifupi theka la ola ndi pamene James analengeza kuti luso lake akupita nalo ku South Beach, kukasewerera Miami Heat. Pa mphindi imeneyo oonera anali atadutsa 13 miliyoni. Ku Cleveland, makamera anajambula ochemerera ena akutentha majezi a nambala 23 pamsewu.

Ambiri amakumbukira usikuwo ngati chionetsero cha kudzimva kwa munthu mmodzi. Koma ufulu womwe James anagwiritsa ntchito unamenyeredwa kwa zaka zoposa 40, m'makhoti ndi m'zipinda zovalira, ndi osewera omwe ambiri a iwo sanaulawe. Phokoso nalonso linali ndi mbiri yake. Linakula pamene mawailesi ndi nyuzipepala zinazindikira kuti kudikira chisankho cha katswiri kumakopa anthu kuposa masewera ambiri enieni. Kuyambira pamenepo, mkangano waukulu mu NBA wakhala wakuti ndani ali ndi mphamvu yosankha komwe wosewera apite, nanga ndani ayenera kulengeza: mwini timu, mtolankhani, kapena wosewerayo.

Pamene wosewera analibe chonena

Ligi ya NBA inayamba mu 1946, ngakhale kuti dzinali inalitenga mu 1949. Wokonda mpira wa miyendo anazolowera kuti mnyamata waluso amasankha yekha timu yoyamba kusaina nayo, ndipo timu ina ikamufuna imamugula ndi ndalama. Mu NBA zinthu siziyenda choncho. Matimu ndiwo amasankha anyamata atsopano motsatizana pa mwambo wa chaka ndi chaka wotchedwa draft, ndipo omwe sanachite bwino ndiwo amakhala ndi mwayi woyamba. Osewera sagulidwa ngati ku Ulaya. Matimu amangosinthana, uyu apite uko, uyo abwere kuno, nthawi zambiri mwiniwakeyo osafunsidwa.

Kuwonjezera apo, m'zaka 30 zoyambirira kontirakiti iliyonse inali ndi ndime yopatsa timu mphamvu yomusunga wosewera ngakhale nthawi yomwe anagwirizana itatha. Ndimeyi inkamumangirira munthu ku timu imodzi mpaka timuyo itatopa naye. Wosakhutira ndi malipiro anali ndi njira ziwiri zokha: kusaina kapena kusiya mpira.

Bob Cousy wa Boston Celtics anayambitsa bungwe la osewera mu 1954, koma kwa zaka 10 eni matimu sankaliwerengera kwenikweni. Zinthu zinatembenuka pa 14 Januwale 1964 ku Boston Garden. Tsikulo kunali masewera a All-Star, okumanitsa akatswiri osankhidwa a ligi yonse, ndipo wailesi ya ABC inali itakonzeka kuwaulutsa pompopompo. Osewera, motsogozedwa ndi Tommy Heinsohn, anakana kutuluka m'chipinda chovalira mpaka nkhani ya penshoni itamveka mutu wake. Mwini timu ya Lakers, a Bob Short, anatumiza mawu oopseza Elgin Baylor ndi Jerry West, koma osewerawo sanasunthike. Nthawi youlutsa itayandikira, mkulu wa ligi, a Walter Kennedy, analonjeza kuti penshoniyo ikhazikitsidwa. Mpira unayamba mochedwerako, ndipo yemwe anasankhidwa kuti wasewera bwino koposa usikuwo anali Oscar Robertson wa Cincinnati Royals. Chaka chotsatira Robertson anakhala mtsogoleri wa bungwelo. Osewera anali ataphunzira kuti kamera ikayatsidwa, eni matimu amamva msanga.

Mu 1967 kunabadwa ligi ina, ABA, yomwe inayamba kunyengerera akatswiri a NBA ndi ndalama zambiri. Rick Barry, yemwe anali atangotsogola pomwetsa mapointi mu NBA yonse, anasiya San Francisco Warriors n'kusaina ndi Oakland Oaks, komwe mphunzitsi anali apongozi ake, a Bruce Hale. Warriors inathamangira kukhoti ndi ndime ija, ndipo Barry anakhala chaka chathunthu osasewera.

Kulimbirana osewera kunakweza malipiro, ndipo mu 1970 eni matimu a mbali zonse ziwiri anagwirizana zophatikiza maligiwo. Robertson, pamodzi ndi oimira osewera a matimu osiyanasiyana, anakasuma ponena kuti kuphatikizako, draft komanso ndime yomangirira osewera zinkaphwanya malamulo a dziko oletsa makampani kupangana zothetsa mpikisano pa malonda. Khoti linaimitsa kuphatikizako, ndipo mlanduwo unatenga zaka 6. Mbali ziwirizi zinamvana mu 1976: ndime ija inachotsedwa, ndipo matimu anayi a ABA, omwe ndi Denver Nuggets, Indiana Pacers, New York Nets ndi San Antonio Spurs, analowa mu NBA. Robertson anali atapuma kale mu 1974, moti ufulu womwe mgwirizanowo unabweretsa sanaugwiritse ntchito ngakhale tsiku limodzi. Osewera mpira wa miyendo ku Ulaya anadikira mpaka Disembala 1995, pamene Jean-Marc Bosman wa ku Belgium anapambana mlandu wofanana nawo.

Ufulu wa pang'onopang'ono

Chitseko chinatseguka, koma pang'ono chabe. M'zaka zoyambirira, timu yosaina wosewera yemwe kontirakiti yake yatha inkayenera kulipira chipepeso ku timu yake yakale, ndipo zikavuta mkulu wa ligi ndiye ankagamula. Chipepesocho chinkatha kukhala chowawa. Mu 1976 New Orleans Jazz inasaina Gail Goodrich wa Lakers, yemwe anali ndi zaka 33, n'kupereka mwayi wake wosankha osewera pa draft kwa zaka zingapo. Jazz itathera pansi pa ligi mu 1979, mwayi umodzi mwa imeneyo unagwera m'manja mwa Lakers, yomwe inasankha Magic Johnson. Timu iliyonse yoona zimenezi inkaganiza kawiri isanakhudze wosewera wa eni.

Kenako chipepeso chinalowedwa m'malo ndi lamulo lakuti timu yakale ikhoza kumusunga wosewera ikangofananiza ndalama zomwe timu ina yalonjeza. Mu 1982 Moses Malone anasaina ndi Philadelphia 76ers kontirakiti ya zaka 6 ya ndalama zoposa $13 miliyoni. Houston Rockets inafananiza ndalamazo, kenako n'kumusinthanitsa ku Philadelphia komweko kuti ipezepo kanthu. Malone anatenga ukatswiri wa ligi chaka chotsatira. Mu 1983 ligi ndi osewera anagwirizananso zoika malire a ndalama zomwe timu imodzi ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndipo malirewo anayamba pa $3.6 miliyoni.

Ufulu wopanda chingwe unafika mu 1988, kwa osewera omwe atha zaka 7 mu ligi ndipo amaliza makontirakiti awiri. Woyamba kuugwiritsa ntchito anali Tom Chambers, yemwe mu Julayi chaka chimenecho anachoka ku Seattle SuperSonics kupita ku Phoenix Suns pa kontirakiti ya zaka 5 ya $9 miliyoni. Panalibe pulogalamu yapadera pa kanema. Anthu ambiri anaiwerenga nkhaniyo m'nyuzipepala kutacha.

Atolankhani alowa m'bwalo

Kuti munthu amvetse kukula kwa phokoso la 2010, akumbukire kuti mu 1980 masewera omaliza olimbirana ukatswiri wa NBA, omwe Magic Johnson anamwetsa mapointi 42 ali m'chaka chake choyamba, m'mizinda yambiri anaonetsedwa usiku kwambiri atajambulidwa kale. Ligiyi inalibe msika. ESPN, wailesi youlutsa zamasewera usana ndi usiku, inali itangoyamba kumene mu Seputembala 1979 ku Bristol, Connecticut. Mu 1987 ku New York kunatsegulidwa WFAN, wailesi ya mawu yokamba zamasewera zokhazokha, yomwe omvera ankaimba foni n'kumatsutsana tsiku lonse. Mawailesi otere amafuna nkhani ngakhale mu Julayi, pamene basketball ndi mpira wa NFL zonse zili pa tchuthi, ndipo msika wa osewera unadzaza mpata umenewo.

A David Stern, omwe anakhala mkulu wa NBA kuyambira 1984 mpaka 2014, anatsatsa ligiyi pogwiritsa ntchito nkhope za anthu: Magic, Larry Bird, Michael Jordan. Nkhope ikakhala malonda, kusamuka kwake kumakhalanso malonda. Pa 18 Malichi 1995 Jordan analengeza kuti akubwerera ku basketball kudzera pa fakisi ya mawu awiri okha, ndipo inakhala nkhani yaikulu m'dziko lonse la America.

Chaka cha 1996 ndicho chinaonetsa chithunzi cha zam'tsogolo. Shaquille O'Neal, wa zaka 24, anali womasuka ku Orlando Magic. Nyuzipepala ya Orlando Sentinel inafunsa owerenga ngati mnyamatayo ali woyenera $115 miliyoni, ndipo oposa 90 pa 100 alionse omwe anayankha anati ayi. Ku Los Angeles, Jerry West, yemwe tsopano anali mkulu woyendetsa Lakers, anatumiza Vlade Divac ku Charlotte posinthana ndi mnyamata wa zaka 17, Kobe Bryant, zomwe zinatsegulanso mpata m'bajeti. O'Neal anasaina zaka 7 pa ndalama pafupifupi $120 miliyoni, ndipo nkhaniyo inalengezedwa ku Atlanta kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo wotsegulira Olympics uchitike. Orlando sinapeze kalikonse.

Makontirakiti otere, makamaka ya $126 miliyoni yomwe Kevin Garnett anasaina ku Minnesota mu 1997, anachititsa eni matimu kutseka ligi mu 1998. Mpira unayambiranso mu Febuluwale 1999, timu iliyonse n'kusewera magemu 50 okha m'malo mwa 82. Mgwirizano watsopano unaika malire a malipiro a wosewera mmodzi, ndipo lamulo limeneli linasintha nkhani yonse. Ngati matimu asanu akulonjeza ndalama zofanana, katswiri amasankha potengera mzinda, mphunzitsi, anzake osewera nawo ndi mwayi wotenga chikho. Zimenezi sizingawerengedwe pa pepala. Zili mumtima mwa munthu, ndipo atolankhani akhoza kuzilosera kwa miyezi osatopa.

Mwana wa ku Akron

LeBron James anabadwa pa 30 Disembala 1984 ku Akron, mzinda wa m'chigawo cha Ohio womwe suli kutali ndi Cleveland. Makamera anamupeza adakali pa sekondale ya St. Vincent-St. Mary. Mu Febuluwale 2002 magazini ya Sports Illustrated inamuika pachikuto n'kumutcha wosankhika, ndipo mu Disembala chaka chomwecho ESPN2 inaulutsa masewera a sukulu yake m'dziko lonse. Asanasewere n'komwe mu NBA, kampani ya Nike inamupatsa kontirakiti ya ndalama pafupifupi $90 miliyoni. Pa draft ya 2003, mwayi woyamba unagwera Cleveland, mzinda womwe unali usanaone ukatswiri m'maligi akuluakulu kuyambira pomwe timu ya Browns inapambana mu 1964.

James anasewera kwawoko zaka 7. Anaifikitsa timuyo mundime yomaliza mu 2007, komwe San Antonio inawagonjetsa 4-0. Anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi mu 2009 ndi 2010, timu yake itapambana magemu 66 ndi 61. Chikho chokha ndicho chinkakana. Mu Meyi 2010 Boston Celtics inawatulutsa mundime yachiwiri ya masewera a chipulula.

Tsiku lomasuka linali lodziwika kalekale. Mu 2006 James, Dwyane Wade wa Miami ndi Chris Bosh wa Toronto, omwe analowa mu ligi chaka chimodzi, anasankha makontirakiti aafupi omwe ankawalola kuchoka onse mu 2010. Atatuwa anatengera limodzi mendulo ya golide ku Olympics ya ku Beijing mu 2008. Matimu anali ndi zaka zokonzekera, ndipo New York Knicks, New Jersey Nets, Chicago Bulls ndi Miami Heat anayamba kuchotsa osewera odula kuti atsegule mpata m'bajeti, ena mpaka kulolera kugonjagonja.

Andale nawonso sanatsalire. Meya wa New York, a Michael Bloomberg, anaonekera mu kanema womupempha kuti abwere mumzinda wawo. Bwanamkubwa wa Ohio, a Ted Strickland, anaimba nawo nyimbo yomuchonderera kuti asachoke. Pulezidenti Barack Obama, wochemerera Bulls, anauza mtolankhani Marv Albert kuti James angakwanire bwino ku Chicago.

Kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julayi, matimu 6 anafika mu ofesi ina pakati pa mzinda wa Cleveland, iliyonse pa nthawi yake, ngati anyamata odzafunsira mbeta. Nets inabwera ndi mwini wake watsopano, mpondamatiki wa ku Russia a Mikhail Prokhorov, pamodzi ndi woimba Jay-Z. Mkulu wa Heat, a Pat Riley, anaonetsa mphete za ukatswiri zomwe anatolera pa moyo wawo wa mpira. Knicks, Los Angeles Clippers, Bulls ndi Cavaliers nawonso analankhula zawo. Atolankhani anali panja, akujambula galimoto iliyonse yolowa ndi yotuluka. Pa 6 Julayi James anatsegula tsamba lake pa Twitter. Pa 7 Julayi Wade ndi Bosh analengeza pa ESPN kuti adzasewera limodzi ku Miami. Kunatsala munthu mmodzi.

Mkwiyo ndi mafunso omwe unadzutsa

Pulogalamu ya The Decision inakonzedwa mwachilendo. ESPN inapereka nthawi yake kwa James ndi anthu ake, motsogozedwa ndi mnzake wapaubwana Maverick Carter, ndipo iwo ndiwo anabweretsa wofunsa mafunso. Ndalama za otsatsa malonda zinapita ku ntchito zachifundo, ndipo bungwe la Boys & Girls Clubs of America linalandira pafupifupi $2.5 miliyoni. Komabe Don Ohlmeyer, yemwe ESPN inamulemba ntchito younika kayendetsedwe ka nkhani zake, anaidzudzula wailesiyo poyera chifukwa chopereka ulamuliro wa pulogalamu kwa munthu yemwe inkayenera kumufunsa mafunso ovuta. Wailesi yomwe inkanena kuti ikufufuza komwe James apite inali yomweyonso ikuchita naye malonda.

Cavaliers inangouzidwa pa foni kutatsala mphindi zochepa. Usiku womwewo mwini timuyo, a Dan Gilbert, anatulutsa kalata yotcha zomwe James anachita kusakhulupirika kwa munthu wamantha, ndipo analonjeza kuti Cleveland idzatenga ukatswiri James asanautenge. Kampani yawo ya Fathead inatsitsa mtengo wa zithunzi za James kufika pa $17.41, pokumbukira 1741, chaka chomwe anabadwa Benedict Arnold, msilikali yemwe Amereka amamudziwa ngati wopereka dziko kwa adani. Chithunzi chachikulu cha Nike chomwe chinkakuta khoma la nyumba yosanja pafupi ndi bwalo la timuyo chinatsitsidwa.

M'busa Jesse Jackson anayankha kuti a Gilbert akulankhula ngati mwini kapolo yemwe kapolo wake wathawa. Mawuwo anakwiyitsa ambiri, koma anakhudza chilonda chenicheni cha ligi yomwe osewera ake ambiri ndi akuda pamene eni matimu pafupifupi onse anali azungu. A Stern analipiritsa a Gilbert chindapusa cha $100,000, n'kunenanso kuti pulogalamuyo inaganiziridwa ndi kukonzedwa molakwika, ngakhale kuti James anali ndi ufulu wonse wochoka.

Jordan ndi Magic Johnson anati iwo sakanaitana opikisana nawo kuti asewere timu imodzi. Koma zaka zitatu m'mbuyomo, Danny Ainge, mkulu woyendetsa Celtics, anasonkhanitsa Kevin Garnett, Ray Allen ndi Paul Pierce posinthanitsa osewera, ndipo anatamandidwa timuyo itatenga chikho mu 2008. Kusiyana kunali kwakuti ku Miami osewera ndiwo anadzisonkhanitsa okha, aliyense n'kulolera kulandira ndalama zocheperako. James anasaina zaka 6 pa $110 miliyoni.

Izi sizikuchotsa ululu wa anthu a ku Cleveland, omwe anakanidwa ndi mwana wawo dziko lonse likuonera, komanso phwando la ku Miami la tsiku lotsatira, pomwe James anawerenga zikho zomwe adzatenge mpaka kudutsa 7, linangothira mafuta pamoto. Chaka chotsatira Cavaliers inapambana magemu 19 okha, ndipo inagonja 26 motsatizana. James atabwerako ndi Heat pa 2 Disembala 2010, anakuwizidwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, iye n'kumwetsa mapointi 38. Miami inagonja kwa Dallas Mavericks mundime yomaliza ya 2011, inatenga ukatswiri mu 2012 ndi 2013, n'kugonja kwa San Antonio mu 2014.

Aliyense ndi njira yake yolengezera

Akatswiri omwe anatsatira anasunga ufuluwo koma anasintha kalengezedwe. Woyamba anali James yemweyo. Mu Julayi 2014 anthu ankatsatira pa intaneti ulendo wa ndege ya a Gilbert yopita ku Florida, ena n'kumasonkhana panja pa nyumba ya James pafupi ndi Akron mpaka apolisi kuikapo alonda. Yankho linabwera pa 11 Julayi mu nkhani ya m'mawu ake yomwe analemba mothandizidwa ndi Lee Jenkins wa Sports Illustrated: akubwerera kwawo. M'nkhaniyo anavomera kuti akanakhala ndi mwayi wobwereza akanachita zinthu mosiyana, komabe akanachoka ndithu. Mu 2016 Cavaliers inali kumbuyo 3-1 kwa Golden State Warriors, timu yomwe inapambana magemu 73, koma inatembenuza zinthu n'kuthetsa chilala cha zaka 52.

Mu 2015 phokoso linasamukira pa foni za m'manja. DeAndre Jordan wa Clippers anavomera pakamwa kupita ku Dallas, koma malamulo ankaletsa kusaina kwa masiku angapo oyambirira a Julayi. Atayamba kukayika, mphunzitsi Doc Rivers, mwini timu a Steve Ballmer ndi osewera anzake a Clippers anapita kunyumba kwake ku Houston n'kukhala naye mpaka pakati pa usiku, nthawi yosaina itakwana, uku osewera akuponyerana tizithunzi ta ndege, galimoto ndi helikopita pa Twitter. Ligi inafupikitsa masiku odikirawo chaka chotsatira.

Mu 2014 NBA inasaina mgwirizano wa zaka 9 wa $24 biliyoni ndi ESPN komanso Turner, ndipo ndalamazo zitayamba kulowa mu 2016, malire a bajeti ya timu analumpha kuchoka pa $70 miliyoni kufika pa $94 miliyoni. Mpata umenewo ndi womwe unalola Warriors kusaina Kevin Durant, yemwe analengeza pa 4 Julayi kudzera pa The Players' Tribune, tsamba lomwe katswiri wa baseball Derek Jeter anayambitsa kuti osewera azilankhula okha popanda mtolankhani pakati. Ndalama za kanema zinali zitayamba kupanga nkhani zomwe kanema yemweyo ankaulutsa.

Mwambowu unawolokanso nyanja. Mu Juni 2018, mpikisano wa World Cup ukuyamba ku Russia, Antoine Griezmann anatulutsa filimu yotchedwa La Decisión, yojambulidwa ndi kampani ya Gerard Piqué, momwe analengeza kuti akukana Barcelona ndipo atsala ku Atlético Madrid. Patatha chaka anapitabe ku Barcelona. James yekha, posamukira ku Lakers pa 1 Julayi 2018, anangotulutsa chikalata cha mizere yochepa kudzera ku kampani yomuimira ya Klutch Sports.

Kukhala chete nakonso kunasanduka nkhani. Mu Julayi 2019 Kawhi Leonard, yemwe anali atangopatsa Toronto Raptors ukatswiri woyamba wa timu ya ku Canada, sanauze mtolankhani aliyense maganizo ake. Wailesi ya CP24 inatumiza helikopita kutsatira galimoto zomwe ankaganiza kuti zamunyamula, kuchokera ku bwalo la ndege mpaka ku hotela ina mumzindawo, komwe khamu linasonkhana. Leonard anasankha Clippers usiku anthu a kum'mawa kwa America atagona, timuyo itavomera kumubweretsera Paul George kuchokera ku Oklahoma City Thunder. Mtengo wake unali Shai Gilgeous-Alexander, Danilo Gallinari ndi mwayi wosankha mundime yoyamba ya draft kasanu. Gilgeous-Alexander anatsogolera Oklahoma City Thunder kutenga ukatswiri mu 2025.

M'zaka zimenezi kunakula mtundu watsopano wa mtolankhani, yemwe ntchito yake ndi kukhala woyamba, ngakhale ndi masekondi ochepa. Adrian Wojnarowski anatchuka ku Yahoo, analowa ESPN mu 2017, ndipo anasiya ntchitoyo mu Seputembala 2024 n'kukayendetsa timu ya basketball ya yunivesite yomwe anaphunzirako, St. Bonaventure. Malo ake anatenga Shams Charania, yemwe anakulira m'manja mwake ku Yahoo. Chaka chomwecho NBA inasaina mgwirizano wa zaka 11 wa ndalama pafupifupi $76 biliyoni ndi Disney, NBCUniversal komanso Amazon.

Eni matimu sanangokhala manja lende. Anatsekanso ligi mu 2011 n'kukhwimitsa msonkho wa matimu owononga ndalama mopitirira malire. Mu 2017 analola timu kulipira katswiri wake ndalama zochuluka kuposa zomwe ina iliyonse ingapereke, ngakhale kontirakiti yake isanathe. Zotsatira zake, akatswiri ambiri masiku ano safika n'komwe pamsika wa Julayi. Amasaina kaye, kenako n'kupempha kusinthidwa, monga anachitira Anthony Davis mu 2019 ndi James Harden mu 2020. Pempholo silimveka nthawi zonse: Damian Lillard anafuna Miami mu 2023, koma Portland inamutumiza ku Milwaukee.

Mphamvu yakale ya timu inaonekera poyera usiku wa pa 1 Febuluwale 2025, pamene Charania analemba kuti Dallas yatumiza Luka Dončić ku Lakers posinthana ndi Davis. Ambiri anayamba aganiza kuti tsamba lake labedwa. Dončić anali ataifikitsa timuyo mundime yomaliza miyezi 8 yokha m'mbuyomo, sanapemphe kuchoka, ndipo kusinthidwako kunamutayitsa mwayi wa kontirakiti ya $345 miliyoni. Ulendo uno ochemerera anakwiyira akuluakulu a timu. Anachita zionetsero panja pa bwalo la American Airlines Center, ndipo Nico Harrison, yemwe anakonza kusinthanako, anachotsedwa ntchito mu Novembala. Mu Ogasiti 2025 Dončić anasaina ndi Lakers zaka zitatu pa $165 miliyoni, ndi ndime yomulola kuchoka mu 2028. Akadzaigwiritsa ntchito adzakhala ndi zaka 29, atasewera zaka 10 mu NBA, ndipo kudzakhala koyamba kuti asankhe yekha timu pamsika wotseguka.